Laimu, mchenga ndi pepala la thonje: ntchito ya Francesco Clemente

Amene anaonapo zithunzi za Francesco Clemente nthawi zambiri amakumbukira maso. Maso akuluakulu, otong'oka, ali pankhope yomwe kawirikawiri imakhala ya mwini wake wojambulayo. Ena amakumbukira matupi olowana, nyama, zigaza za anthu ndi zizindikiro za zipembedzo zosiyanasiyana zitasakanikirana. Zonsezo zilipodi. Koma munthu amene anagwirapo bulashi akaima patsogolo pa chithunzi cha Clemente, funso lake loyamba limakhala lina: kodi wajambula pa chiyani, nanga ndi utoto wanji? Yankho lake silikhala limodzi. Pena ndi pulasitala wa laimu wosauma, pena pepala lopangidwa pamanja kuchokera ku nsanza za thonje, pena nsalu ya tenti. Moyo wa ntchito wa munthu ameneyu wayenda motsatira zipangizo, ndipo zambiri mwa zipangizo zimene wasankha sizilola kufufuta. Ukalakwitsa, walakwitsa.

Anabadwira ku Naples, kummwera kwa dziko la Italy, pa 23 Marichi 1952. Mu 1970 anapita ku Rome kukaphunzira luso lolemba mapulani a nyumba pa yunivesite, koma maphunzirowo sanawamalize. Kujambula anadziphunzitsa yekha, poona ndi pocheza ndi akuluakulu amene anawapeza mumzindamo. Nthawi imeneyo ku Italy kunali kutatchuka gulu la Arte Povera, dzina limene wolemba za luso Germano Celant anapereka mu 1967. Anthu a gulu limeneli ankaika m'zionetsero miyala, makala, nsanza ndi nthambi za mitengo. Jannis Kounellis anafika pomangirira akavalo amoyo 12 m'nyumba ya chionetsero ku Rome mu 1969. M'nyengo yotere, kutenga bulashi n'kujambula nkhope ya munthu kunkaoneka ngati ntchito yotha nthawi.

Amene anamutsegula maso Clemente ndi waluso mnzake Alighiero Boetti. Boetti ankakonza mapu a dziko lonse, koma osoka ulusi wake pansalu anali amayi a ku Afghanistan. Mu 1974 Clemente anatsagana naye ku Afghanistan komweko, ndipo anaona kuti ntchito imodzi ikhoza kudutsa m'manja mwa anthu ambiri popanda kutaya mutu wake. Chaka cha 1973 n'kuti atafikapo kale ku India koyamba. Pambuyo pake ankabwererako kawirikawiri, n'kumakhala miyezi yambiri ku Madras, kumene lero kumatchedwa Chennai. Ankawerenga mabuku a zipembedzo m'laibulale ya Theosophical Society, komanso anayamba kugwira ntchito ndi amisiri amene ankajambula zikwangwani zikuluzikulu zotsatsa mafilimu m'misewu ya mzindawo.

Pepala la ku Pondicherry

Zithunzi zimene zinamutchukitsa koyamba, monga Sun, Hunger ndi Two Painters za mu 1980, zili papepala lopangidwa pamanja ku Pondicherry, mzinda wa kummwera kwa India. Pepala lotere silichokera ku mitengo. Amatenga nsanza za thonje, kuzidula tizidutswa, kuzisinja m'madzi mpaka ulusi wonse utamasuka. Mmisiri amaviika sefa ya makona anayi m'madzimo, kuitukula ili yopingasa bwino, kuigwedeza pang'ono kuti ulusi ulukane, kenako n'kukhuthulira chinyowacho pansalu. Amasanjikiza, kufinya madzi ndi chopanikizira, n'kuyanika. Kukula kwa pepala limodzi kumathera pamene manja a mmisiri angathe kunyamula sefayo. Ndiye ukafuna chithunzi chopitirira mamita awiri uchita bwanji?

Clemente analumikiza mapepala 9 kapena 12 ndi timizere ta nsalu ya thonje yoluka pamanja, tomatidwa m'malire mwa mapepalawo. Mwa njira imeneyi chithunzi chachikulu chimapindika ngati mapu, ndipo munthu wapaulendo akhoza kuchinyamula popanda bokosi la matabwa. Mizere yolumikizirayo imaonekera pachithunzi, ndipo iye sanayese kuibisa.

Utoto wake pamapepalawa ndi gouache: ufa wa mtundu wosakaniza ndi utomoni wa mtengo wa acacia, nthawi zambiri wowonjezera choko choyera kuti utseke pepala. Ukauma suwala. Uli ndi mavuto atatu amene aliyense wougwiritsa ntchito amakumana nawo. Choyamba, mtundu umasintha pouma: yowala imadera pang'ono, yakuda imayezuka, kotero uyenera kuyesa kaye pakapepala kena. Chachiwiri, madzi amaudzutsanso ngakhale utauma kalekale, ndiye ukabwereza bulashi yonyowa kawiri katatu pamalo amodzi, utoto wapansi umasungunuka n'kudetsa wapamwamba. Chachitatu ndi chimene chimavuta kwambiri papepala lopinda: ukaupaka wochindikala umang'aluka ndi kusweka popindirapo. Pafunika kupaka mopyapyala, mofulumira ndi motsimikiza, ndipo amenewo ndiwo anali machitidwe a amisiri a zikwangwani aja, anthu ozolowera kudzaza malo aakulu tsiku lisanathe.

Kuchoka pa zazikuluzo anatembenukira ku zazing'ono. Pakati pa 1980 ndi 1981 anagwira ntchito ndi ojambula tizithunzi ting'onoting'ono a ku Jaipur, m'chigawo cha Rajasthan ku India, ndipo anatulutsa tizithunzi 24 totchedwa Francesco Clemente Pinxit, papepala lakale kwambiri. Luso la ku Rajasthan limeneli ndi la anthu odekha. Pepala amalikhutiza ndi mwala wosalala wa agate mpaka litachita ngwee. Bulashi yake ndi ya ubweya wa kumchira kwa gologolo, yosongoka moti nsonga yake imakhala tiubweya tochepa chabe. Utoto amausungunulira m'zigoba za nkhono. Akapaka mtundu umodzi amadikira uume, kutembenuza pepala chafufumimba pamalo osalala, kulikhutiza kumbuyo, kenako n'kupakanso. Mthunzi wa pankhope samaupaka ndi kukoka bulashi kamodzi, koma ndi timizere ndi timadontho tambirimbiri. Clemente ankapereka maganizo ndi maonekedwe a chithunzi, manja ophunzitsidwa kuyambira paubwana n'kumalizitsa.

Venice ndi New York

Mu 1979 wolemba za luso Achille Bonito Oliva anapereka dzina la Transavanguardia kwa anyamata asanu amene anabwerera ku bulashi ndi utoto: Sandro Chia, Enzo Cucchi, Nicola De Maria, Mimmo Paladino ndi Clemente. Chionetsero chachikulu cha ku Venice cha 1980 chinawaika pamaso pa dziko lonse, ndipo ogula a ku America ndi ku Switzerland anayamba kuwalondola. Dzina la gululi linathandiza pa malonda, koma pa ntchito yeniyeni asanuwa sankafanana kwenikweni. Mwa onsewo, Clemente ndi amene mizu yake inali pa pepala osati pa nsalu.

Atasamukira ku New York ndi mkazi wake Alba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anayamba zithunzi zake zazikulu zoyamba za utoto wa mafuta. Zimenezi ndi The Fourteen Stations, zojambulidwa mu 1981 ndi 1982, zomwe zinaonetsedwa ku Whitechapel Gallery ku London mu 1983. Akatolika alizindikira dzinali, chifukwa likuchokera ku malo 14 a Njira ya Mtanda, ngakhale zimene zili m'zithunzizo si mazunzo a Yesu koma mantha, zilakolako ndi maloto a munthu amene wafika mumzinda wachilendo. Mu utotowo anasakanizamo phula. Phula limachotsa kunyezimira kwa mafuta n'kupangitsa utoto kukhala wonenepa, wosunga mapazi a bulashi. Likachuluka limabweretsa mavuto: chithunzi chimafewa pakatentha, chimagwira fumbi, ndipo pakazizira chimasweka nsalu ikagwedezeka.

Mu 1984 wogulitsa zithunzi wa ku Zürich, Bruno Bischofberger, anagwirizanitsa Clemente, Andy Warhol ndi Jean-Michel Basquiat kuti ajambule pansalu zimodzimodzi. Aliyense ankayamba chithunzi, n'kuchitumiza kwa mnzake kuti apitirize. Kunena zoona, si ntchito zake zopambana. Dzanja la Clemente ndi lofatsa, ndipo pakati pa zilembo zaukali za Basquiat ndi zodinda za Warhol limamira. Ubale umene unabala zipatso zokhalitsa unali wa iye ndi alakatuli, monga Allen Ginsberg ndi Robert Creeley. Mu 1986 iye ndi Raymond Foye anayambitsa Hanuman Books, timabuku tokwana m'chikhato, tosindikizidwa ndi kusokedwa pamanja ku Madras potengera timabuku ta mapemphero ta ku India.

Kujambula pa laimu wosauma

Apa ndi pamene Clemente amaonekera kuti ndi mwana wa ku Italy. Fresco, kujambula pa pulasitala wa laimu wosauma, ndi luso la akatswiri akale monga Giotto, Masaccio ndi Michelangelo, ndipo pafupi ndi Naples pomwepo pali makoma ojambulidwa a ku Pompeii amene anakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79. M'zaka za m'ma 1900 ojambula ambiri a ku Ulaya analisiya luso limeneli. Clemente analiyamba cha m'ma 1980, pena pakhoma lenileni, pena pa pulasitala woikidwa pachimango chonyamulika. Kuti mumvetse chifukwa chake zithunzi zake za fresco zimaoneka zosavuta, za mitundu yochepa ndi mizere yosabwerezabwereza, muyenera kudziwa mmene ntchitoyi imayendera.

Zimayambira pa laimu. Miyala ya laimu imawotchedwa mu uvuni pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 900. Ikathiridwa m'madzi imawira yokha ndi kutentha koopsa, n'kusanduka phala loyera. Phalalo amalisunga m'dzenje, madzi ataliphimba pamwamba, kwa miyezi yambiri. Aroma akale ankafuna laimu wogona zaka zitatu. Chifukwa chake n'chakuti laimu wosakhwima amakhala ndi timibulu timene sitinamwe madzi. Timibulu timeneti timadzamwera chinyezi tili kale m'khoma, kutupa, n'kuphulitsa timabowo pankhope ya chithunzi. Laimu amawotcha khungu ndipo akhoza kuwononga diso, choncho magolovesi ndi magalasi si zokongoletsera.

Mchenga uyenera kukhala wa kumtsinje, wotsukidwa, wosefedwa ndi wouma. Wa kunyanja ya mchere sufunika ngakhale pang'ono. Simenti nayonso isayandikire, chifukwa imabweretsa mchere umene umadzatuluka pamwamba ngati ufa woyera n'kutukula utoto.

Khoma amalinyowetsa bwino, kuyambira dzulo lake. Khoma louma limayamwa madzi a pulasitala mwamsanga, pulasitalayo n'kulephera kugwira. Kenako amapaka pulasitala wokhakhala, arriccio, wochindikala pafupifupi sentimita imodzi: ndowa imodzi ya laimu pa ndowa ziwiri kapena zitatu za mchenga wokulirapo. Samamusalaza, kuti wapamwamba apeze pogwira. Akauma, akale ankajambulapo chithunzi chonse ndi dothi lofiira kuti aone mmene chikhalire. Mitundu imeneyi ya dothi, yofiira ndi yachikasu, ndi yamtundu umodzi ndi katondo wathu, ndipo kufiira kwake kumachokera ku chitsulo chimene chili m'nthakamo.

Tsiku lojambula, mmamawa, mmisiri amapaka pulasitala womaliza, intonaco, wopyapyala mamilimita atatu mpaka asanu, wa mchenga wosalala, laimu wochulukirapo kuposa woyamba uja. Sapaka khoma lonse. Amapaka pokhapo pamene wojambula angamalize tsiku limenelo, chigawo chimene amachitcha giornata. Amadikira pang'ono mpaka chala chikakhudza chisalowe. Chithunzi amakhala atachikonza kale papepala lalikulu, n'kuboola timabowo motsatira mizere yake. Pepalalo amaligoneka pakhoma, kumenyapo ndi kathumba ka ufa wa makala, ndipo timadontho takuda timatsala pa pulasitala kusonyeza njira. Ena amangodinda mizereyo ndi kamtengo kosongoka.

Utoto wa fresco ulibe guluu, ulibe mafuta. Ndi ufa wa mtundu ndi madzi basi. Chimene chimaugwira ndi laimu yemweyo: pamene pulasitala akuuma, laimu amakoka mpweya wa carbon dioxide n'kubwerera kukhala mwala, ndipo ufa wa mtundu uja umatsekeredwa m'kati mwa khungu la mwalalo. N'chifukwa chake fresco yabwino imakhala zaka mazanamazana. N'chifukwa chakenso nthawi ndi yochepa: maola 6 mpaka 8, kutengera nyengo. Poyamba khoma limamwa utoto pang'onopang'ono, pakati pa tsiku limamwa mokoma moti bulashi imangoyenda yokha, ndipo chakumadzulo limayamba kukana. Chimene mungapake khoma litayamba kukana chimangokhala pamwamba, ndipo chikauma chimachoka ndi chala. Dzuwa ndi mphepo zimafupikitsa maolawo, komanso zimaumitsa pulasitala asanalimbe, n'kumusiya wofumbutuka. Laimu akachuluka mu msakanizo, pulasitala amang'aluka timing'alu tambirimbiri.

Pomaliza tsiku, pulasitala yense amene sanajambulidwe amadulidwa ndi mpeni mopendeketsa, kuti wa mawa adzalumikizane naye bwino. Wojambula wanzeru amaika malirewo m'mphepete mwa mkono, chovala kapena mtambo, pamene diso silingawaone msanga. Ngati nkhope yalakwika, palibe kupakapo ina pamwamba. Mumagumula chigawo chonsecho, mawa n'kuyambanso.

Si mtundu uliwonse umene umapirira laimu. Ya dothi yonse imapirira: yachikasu, yofiira, yakhofi, yobiriwira ya dothi, ndi yakuda ya makala. Woyera amaupanga kuchokera ku laimu yemweyo. Woyera wa mtovu umada pakapita zaka, ndipo amene akufuna umboni akaone zithunzi za Cimabue m'tchalitchi cha Fransisko Woyera ku Assisi, mmene malo amene anali oyera lero ndi akuda. Mtundu wa buluu wotchedwa Prussian laimu amaudya. Akale buluu ankamupaka khoma litauma, pomusakaniza ndi dzira kapena guluu, ndipo m'matchalitchi ambiri buluu ameneyu ndi amene anayamba kugwa. Vuto lina n'lakuti mitundu yonse imayezuka kwambiri khoma likamauma, ndipo maonekedwe enieni amadzadziwika patapita masabata. Choncho mitundu ya chithunzi chonse imasakanizidwa pasadakhale n'kusungidwa m'mabotolo. Mukasakaniza wina pakati pa ntchito, chigawo cha Lachiwiri sichidzafanana ndi cha Lachitatu.

Ntchito yake yaikulu ya mtundu umenewu ili kwawo ku Naples, m'nyumba ya zaluso ya MADRE yomwe inatsegulidwa mu 2005. Dzina lake ndi Ave Ovo. Anajambula makoma a zipinda ziwiri, ndipo pansi anayalapo matailosi a dothi lowotcha ojambulidwa, potsatira mwambo wakale wa mzindawo. M'zithunzizo muli zizindikiro za ubwana wake ndi za Naples wakale.

Utoto wa madzi, umene Clemente wagwiritsa ntchito kwambiri, ndi m'bale wake wa fresco pa nkhani yosalola kubwerera m'mbuyo. Nkhope zambiri za anzake, alakatuli ndi ojambula anzake, anazijambula munthuyo atakhala patsogolo pake, kawirikawiri pa ulendo umodzi. Pepala loyenera ndi la thonje, lolemera magalamu 300 pa sikweya mita kapena kuposa. Lopepuka limakwinyika likanyowa, pokhapokha mutaliviika kaye kwa mphindi zingapo, kulimata pathabwa m'mbali zonse, n'kulisiya liume litakungika. Kuyera konse kwa m'chithunzi ndi pepala lenilenilo, ndiye kuwala kwa m'diso muyenera kukusiya kuyambira pachiyambi. Clemente amakonda kuthira mtundu papepala lonyowa kuti uyende wokha. Chinsinsi chake ndi kuchuluka kwa madzi. Bulashi ikakhala yonyowa kuposa pepala limene layamba kuuma, madzi amakankhira utoto kumbali n'kusiya banga la m'mphepete mokwinyika. Ophunzira amaliopa banga limeneli. Iye amalilola, pena n'kulisandutsa tsaya kapena mthunzi wa pakhosi, ndipo kuti uchite zimenezo mwadala pamafunika kudziwa mphindi yeniyeni imene kunyezimira kwa madzi kwayamba kuzimirira papepala.

Kutchuka kwake kunafika pachimake kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Zithunzi za mnyamata wojambula mu filimu ya Great Expectations ya mu 1998 zinali za dzanja lake, ndipo kuyambira mu 1999 mpaka kumayambiriro kwa 2000 nyumba ya zaluso ya Guggenheim ku New York inadzaza ndi ntchito zake za zaka pafupifupi 30.

Pali nkhani imodzi imene siyenera kuzembedwa. Pa tizithunzi ta ku Jaipur, pa mapepala a ku Pondicherry, pa timabuku ta ku Madras, dzina limene dziko limalidziwa ndi limodzi, pamene manja anali ambiri. Clemente sabisa kuti amagwira ntchito ndi amisiri, ndipo ku Italy komwe akatswiri akale anali ndi anyamata owasakanizira laimu ndi kuwapakira mitambo. Komabe mnyamata wa ku Florence ankayembekeza kudzakhala katswiri wodziimira payekha, dzina lake n'kulembedwa. Mmisiri wa ku Jaipur amene anakhala masabata akudontheza timadontho ndi ubweya wa gologolo nthawi zambiri amangotchulidwa kuti "amisiri a kumaloko". Nyumba zosunga zithunzizi zikanachita bwino kufufuza maina amenewo n'kuwalemba pakhoma pambali pa dzina la Clemente, anthu amene akuwakumbukira adakalipo.

Ubale wake ndi India sunathe. Mu 2014 Rubin Museum ku New York inaonetsa ntchito zake zochokera kumeneko, ndipo mu 2015 ku nyumba ya zaluso ya MASS MoCA, m'chigawo cha Massachusetts ku America, anaimika matenti 6 akuluakulu osokedwa ndi amisiri a ku Rajasthan. Kunja kwake kuli zodinda ndi zopeta pamanja, m'kati mwake iye anajambula makoma ndi denga lomwe, moti woonera amalowa n'kuzunguliridwa ndi chithunzi mbali zonse.

Amene angafune kuona ntchito zake ndi maso adziwe chinthu chimodzi. Utoto wa madzi, gouache ndi choko cha mitundu zimafwifwa ndi kuwala, ndipo zikafwifwa sizibwerera. Nyumba zosunga zithunzi zimaziika m'chipinda cha kuwala kochepa, pafupifupi 50 lux (muyeso wa kuwala), kwa miyezi itatu kapena inayi, kenako n'kuzibwezera m'madirowa amdima kwa zaka. Choncho mukhoza kufika ku Philadelphia Museum of Art, kumene kuli ena mwa mapepala a ku Pondicherry aja, n'kupeza kuti sanapachikidwe. Ndi bwino kufunsiratu musananyamuke. Koma makoma a ku MADRE sachotsedwa, ndipo ali pakati pa mzinda wakale wa Naples, pafupi ndi tchalitchi chachikulu.